Njinga ya M'katoni

Ndinanama Lolemba m'mawa, ndipo bodza lake linali liwu limodzi lokha: "Ndimatha."

Amene anandifunsa ndi mayi oyang'anira owerenga mamita a madzi, mayi aatali ovala magalasi olendewera pachingwe, omwe antchito awo amangowatchula kuti a Magalasi. Mafunso ena onse ndinali nditayankha bwino. Manambala ndimawerenga, agalu sindiwaopa kwenikweni, dzuwa ndinalizolowera. Kenaka anatembenuza pepala n'kufunsa ngati ndimatha kupalasa njinga, poti dera lomwe ankafunira munthu ndi lalikulu, wapansi sangalimalize. Ine ndinali nditakhala pakhomo zaka ziwiri chitsekereni fakitale yomwe ndinkapakirako sopo. Pakamwa panayankha pokha mutu usanaganize.

"Chabwino," anatero. "Lolemba likubwerali mubwere ndi njinga yanu, seveni koloko. Tsiku loyamba muzidzanditsata pambuyo, ndikuonetseni dera." Anavula magalasi aja n'kundiyang'ana. "Chinthu chimodzi, mayi. Kuchedwa ndimakhululuka, kulakwitsa ndimakhululuka. Koma ntchito ino munthu amagwira yekha, ine osamuona. Amene mukumulowa m'malo ankakhala pansi pa mtengo n'kumalemba manambala a m'mutu mwake. Wabodza sindigwira naye ntchito."

Ndinagwedeza mutu ngati munthu wolungama. Ndili ndi zaka makumi anayi ndi zitatu, ndipo chibadwire njinga ndinali nditangokwerapo pakaliyala, wina akupalasa.

Amunanga amakonza mafoni. Ali ndi kabenchi m'kashopu kopanikiza, nyale yokhala ndi galasi lokulitsa zinthu, ndi zala zomwe amazinyadira kuposa nkhope yawo. Nditawafotokozera, mtima uli m'mwamba, anaseka.

"Ndi zimenezo basi, mayi? Masiku sikisi? Njinga mwana amaphunzira tsiku limodzi. Ine ndikuphunzitsani."

Ndinati mwina tipite kwa a Masipoko, bambo okonza njinga pakona ya msewu wopita kumsika, amene amagulitsanso njinga zakale zomwe azikonza okha. Amunanga anakwinya mphuno.

"Dzimbiri lija? Mukayambe ntchito yatsopano ndi chinjinga cha agogo? Taonani izi."

Anandionetsa pafoni. Njinga yofiira, yowala, magiya ambirimbiri, sipuling'i pakati, ndipo yotchipa kuposa zakale za a Masipoko. Ungodina, akubweretsera pakhomo. Ndisawanamizire amunanga okha ayi, nanenso ndinaikonda, koma pa chifukwa changa. Kwa a Masipoko kumakhala anthu tsiku lonse, ndipo akanandiuza kuti kwerani muiyese, msewu wonse ukuonerera. Katoni siyifunsa mafunso. Tinadina.

Inafika Lachitatu masana, masiku awiri atapita kale pachabe. Amunanga anatseka shopu msanga, n'kuyala nsalu yoyera pabalaza ngati akufuna kuchita opaleshoni. Asanatulutse kanthu anajambula chithunzi cha m'katonimo. Ndi lamulo la ntchito yawo limenelo, ndipo ndalimva zaka makumi awiri: chinthu uchione mmene wachipezera, uchibwezere momwemo, a kufakitale salakwitsa. Tayala lakutsogolo linali palokha, mahandulo akulendewera pa mawaya, mapedulo ali m'kapepala. Foloko, chitsulo cha miyendo iwiri chomwe chimagwira tayala lakutsogolo, inali yolowetsa kale m'malo mwake. Imeneyo sanaikhudze. Anangomangapo tayala ndi mahandulo mmene inayang'aniramo.

Pepala la malangizo linali ndi zithunzi za njinga ina, osati iyi. Kasipanala komwe anaikamo kanali kopyapyala ngati chivindikiro cha chitini, ndipo kanapindika pa bawuti yachiwiri. Amunanga sanadandaule. Ankamanga ndi zala zitatu, mutu ataupendeketsa ngati akumvetsera.

"Bawuti siyifuna ukali," anandiphunzitsa. "Ukamva kuti yagwira, siya. Anthu ambiri amapha mafoni ndi mphamvu."

Itaima pabalaza paja inali yokongola ndithu. Ndinaigwira chishalo.

"Tayambani mwaiyesa inu, bambo, tione."

"Msanawu," anatero akugwira m'chiuno. "Tsiku lonse kuwerama. Komanso yophunzirira ndi yanu, izolowere inuyo."

Malo ophunzirira ndinasankha ndekha: bwalo la simenti kuseri kwa fakitale yathu yotsekedwa ija, pomwe malole ankapakira makatoni. Kulibe anthu, udzu unamera m'ming'alu, ndipo bwalolo limatsetsereka pang'ono kulowera kukhoma la njerwa. Lachinayi m'mawa tinali kumeneko. Amunanga anagwira chishalo kumbuyo, ine n'kukwera.

Sindidziwa ngati ndingathe kufotokoza mmene njinga ija inkachitira. Inali ngati mbuzi yomwe ukuikoka iyo isakufuna. Ndikati ndilunjike, mahandulo ankanjenjemera, tayala n'kuthawira kumanzere, ndikabweza lithawire kumanja. Ndikati ndikhote, chala cha phazi chinkagunda tayala lakutsogolo, njinga n'kuima ngati yamenya mwala, ine pansi khu! Ndikafinya mabuleki ankalira mokweza kwambiri, koma njinga imangopitabe. Chishalo chinkatsika pang'onopang'ono mpaka maondo kufika m'chifuwa.

"Musayang'ane pansi!" ankakuwa amunanga. "Mukuumitsa thupi! Masukani! Mwana amatha izi!"

Ndinaphunzira kuima m'njira imodzi yokha, yokwekwesa mapazi pasimenti. Pofika madzulo nsapato zanga zakuda, zomwe ndinasungira ntchito, zinali zitayera kutsogolo.

Lachisanu ndinadzuka n'kuwerenga masiku otsala. Masiku atatu. Amunanga anali atavala kale malaya a manja aatali kunja kukutentha, ndipo pamene ankatenga kapu mkono wa malaya unakwera, ndinaona pulasitala pachigongono. Anati anaterereka pamasitepe a shopu. Kubwalo kuja tsiku limenelo sanakuwe. Ankangothamanga pambuyo panga mwakachetechete, ndikagwa n'kundidzutsa, maso ali kumbali. Kukhala chete kwawoko kunandiopsa kuposa kukuwa. Ndinati basi, ngakhale iwo andiona kuti ndine wokanika.

Ndinagwa kasanu ndi kawiri tsiku limenelo. Ndikudziwa chifukwa ndinkawerenga. Njinga sindinaikayikire ngakhale kamodzi. Ndikanaikayikira bwanji, yatsopano, mapepala apulasitiki akadali pachishalo? Ndinkadzikayikira ndekha. Ndinati ndakalamba, mutu wanga ndi wouma, pali kanthu kena m'thupi komwe anthu ena amabadwa nako ine ndilibe. Ndikamabwerera kunyumba ndikukankha, ndinkaona azimayi akudutsa panjinga, wina atamanga dengu la tomato pakaliyala, wina akucheza ndi mnzake uku akupalasa, ndipo ndinkawada ndi mtima wonse. Ndinkaonanso nkhope ya a Magalasi, akuvula magalasi aja pang'onopang'ono pamene ine ndagwa pageti la ofesi, antchito onse akuonerera.

Loweruka ndinapita ndekha, chifukwa ndi tsiku lomwe mafoni amachuluka kushopu. Ndinaganiza kuti vuto ndi mantha, ndiye ndilimbe mtima ndiyambire pamwamba pa bwalo, liwiro lindithandize. Linandithandizadi kwa kanthawi. Kenaka khoma linayamba kukula. Ndinafinya mabuleki mpaka zogwirira zake zinakhudza mahandulo, osaona kusintha. Ndinati ndikhote, mahandulo anakhota okha, tayala likuyang'anabe kutsogolo. Ndinaponya mapazi pansi, koma simenti inangondilanda nsapato imodzi.

Nditadzuka, maondo onse awiri anali magazi, ndipo tayala lakutsogolo linali litapindika. Ndinakhala pasitepe yomwe tinkapumirapo kale ndi anzanga a sopo, n'kutulutsa foni. Ndinalemba kuti: "Pepani mayi, kwagwa zovuta kumudzi, Lolemba sindibwera." Ndinauyang'ana uthengawo nthawi yaitali. Bodza lachiwiri, lokwirira loyamba. Chala chinali pamwamba pa batani, koma ndinangoibweza foni m'thumba osatumiza.

Njinga inakana ngakhale kukankhidwa. Tayala lopindika lija linkakhula foloko, ndiye ndinkachita kunyamula kutsogolo kwake n'kumaikoka. Njira yobwerera kwathu imadutsa pakona ya a Masipoko. Manyazi anali atandithera limodzi ndi khungu la m'maondo, choncho ndinaima.

Shopu yawo ndi denga la malata pa mitengo inayi, beseni la madzi akuda lofufuzira pobooka chubu, ndi matayala akale olendewera pamisomali. Iwo ndi bambo afupi, a mikono ikuluikulu, ndipo ali ndi khalidwe lolankhula ndi njinga m'malo molankhula ndi mwini wake. Anandiyang'ana maondo, anayang'ana phazi la nsapato yong'ambika, kenaka anagwada patsogolo pa njinga.

"Iwe," anaiuza. "Ndani wakuchita zimenezi? Ukupita kutsogolo kapena ukubwerera?"

"Ndagunda khoma," ndinatero. "Mungowongola tayalalo ndifike nayo kunyumba. Vuto ndine, sinditha."

"Mwaigula m'katoni, eti?"

"Ee."

"Anamanga ndani?"

"Bambo akunyumba."

"Atamanga, anaikwera ndani wodziwa kupalasa?"

Ndinapukusa mutu. Iwo anandiitana ndi chala kuti ndiwerame, n'kundiyimikira pambali njinga ina yakuda, yakale.

"Onani foloko ya iyi. Kumunsi kwake yaloza kuti? Kutsogolo. Tayala limatsogola, njinga imadziwongola yokha, inu mumangoithandiza. Tsopano onani yanu."

Ndinayang'ana. Yanga inaloza kumbuyo, kwa ine. Tayala linali litabwerera mpaka kufupi ndi mapedulo.

"Amaitembenuza dala kufakitale kuti katoni ifupike," anatero a Masipoko. "Womanga amayenera kuibweza. Chala chanu chimagunda tayala mukamakhota, si choncho?"

"Nthawi zonse."

"Chikanaleka bwanji?" Anaimirira, anapana tayala pakati pa maondo awo, n'kukankha mahandulo ndi zala ziwiri zokha. Anazungulira ngati chitseko. Anamenya chishalo ndi chikhatho, chinatsika. "Bambowo amagwira ntchito yanji? Amasoka?"

"Amakonza mafoni."

"Ndiye pake." Anaseka mpaka kutsokomola, koma ataona nkhope yanga anasiya. Anafinya buleki n'kundionetsa mmene chogwirira chapulasitiki chinkapindikira m'malo mokoka waya, ndi mmene tizitsulo togwira tayala tinkatambasukira. "Foloko nditembenuza, mabawuti ndimanga, zimenezo n'zamphindi zochepa. Koma izi sindingazichize. Chitsulo chake n'chofewa. Ndikonza lero, Lachitatu mwabweranso. Pamalo otsetsereka, musandinamizire kuti ndinakuuzani kuti iima. Chikomekome cha mkuyu ichi, mayi."

"Ndiye kuti masiku onsewa..."

"Munthu wodziwa kupalasa akanaikwera kuchoka apa kufika pamtengo apo, n'kutsika akutukwana. Akanadziwa kuti njinga ndiyo yopenga. Koma inu wongoyamba kumene mukanayerekeza ndi chiyani? Njinga ikalakwa, mumati mwalakwa ndinu. N'chifukwa chake ndimati zam'katonizi, ngati n'kugula, azigula odziwa kale. Koma odziwa kale sazigula."

Anatsitsa chishalo cha njinga yakuda ija n'kundiuza kuti tipite kukanjira ka kuseri kwa shopu, kopanda anthu. Ndinakana. Ndinati maondo akupweteka, ndinati ndayesa kokwanira. Iwo anangoyima ataigwira, akuiuza njingayo kuti isachite manyazi, mlendo akwera. Ndinakwera kuti nkhani ithe.

Ndinaponda pedulo, ndikudikira kuti mahandulo ayambe kunjenjemera. Sanayambe. Ndinapondanso. Njinga inkapita komwe maso anga ankayang'ana, modekha, ngati ikudziwa njira. Ndinamva mapazi a a Masipoko pambuyo panga, kenaka sindinawamvenso. Ndinafika kumapeto kwa kanjirako, ndinakhota mokulungiza, chala sichinagunde kanthu, n'kubwerera. Ndinaima pokwekwesa mapazi, monga mwa masiku onse.

"Mumatha kale," anatero. "Mwina kuyambira Lachinayi. Munthu wopirira pa chinthu chija masiku atatu, iyi ndi mpando wa pabalaza."

Ndinkaganiza kuti ndisangalala. M'malo mwake unandigwira mkwiyo, ndipo ndinalira pamaso pa bambo osawadziwa, nsapato imodzi itayasama. Iwo anapita kukafufuza chinachake m'bokosi la zitsulo mpaka nditamaliza. Nditawafotokozera za Lolemba, anakanda m'mutu n'kunena kuti nditenge yakudayo kwa sabata imodzi, yofiirayo itsale ngati chikole.

"Chikole chake n'chofooka," anatero, "koma belu lake ndi labwino."

Amunanga anapeza njinga yakuda pabalaza madzulo. Ndinawafotokozera zonse, za foloko, za mabawuti a zala zitatu, za mabuleki. Sindinawasiyire kalikonse. Ndinawaonetsa maondo. Ndinawafunsa kuti munthu amene anapalasa njinga ubwana wake wonse angalephere bwanji kuona tayala loyang'ana kumbuyo.

Anakhala pampando, n'kupinda mkono wa malaya pang'onopang'ono. Pulasitala ija inali itabisa pang'ono chabe. Mkono wonse unali wokalika.

"Si masitepe," anatero. "Lachisanu ndinaitenga musanadzuke. Ndimati ndione chomwe chikukuvutani."

"Ndiye munagwa."

"Katatu."

"Munagwa katatu, inu wodziwa, osaganiza kuti njingayo ili ndi vuto?"

Anayang'ana zala zawo. "Mayi, ine sindinapalasepo njinga. Kwathu kunalibe. Zomwe ndimakuuzani zija ndimaonera pafoni." Anatsitsanso mkono wa malaya uja. "Nditagwa ndinati vuto ndine. Ndiye ndikanakuuzani chiyani?"

Zaka makumi awiri m'nyumba imodzi. Ndinafuna kuwagenda ndi nsapato yong'ambika ija, ndipo mpaka lero sindidziwa chomwe chinandiletsa. Mwina n'chakuti m'thumba mwanga munali uthenga wa zovuta zakumudzi, ukudikirabe kutumizidwa. Abodza awiri, aliyense akugwa payekha pa njinga imodzi, aliyense akubisira mnzake mabala. Ndinafufuta uthengawo, n'kuwauza kuti akawiritse madzi otsukira zilonda, zanga ndi zawo.

Lamulungu lonse tinali kubwalo la fakitale. Kulunjika ndinkalunjika, kukhota ndinkakhota, dzanja limodzi ndinaliphunzitsa kuchoka pamahandulo n'kuloza komwe ndikukhotera. Koma chinthu chimodzi chinakana kuchoka. Nthawi iliyonse ndikafuna kuima, mapazi ankatsika okha kukafuna simenti, zala osakhudza n'komwe mabuleki. Njinga yofiira ija inali itaphunzitsa thupi langa kuti mabuleki ndi abodza, ndipo thupi silinkamva zoti tsopano ndakwera ina. Amunanga ankaima pakhoma atatambasula manja, akukuwa kuti "Zala, mayi, zala!" Mwa maulendo khumi, zala zinkakumbuka kanayi. Dzuwa linapendeka ndisanapitirire pamenepo.

Lolemba ndinafika pageti la ofesi isanakwane seveni, nditavala siketi yaitali yobisa maondo. Nsapato ndinali nditaisoka ndi kuipaka polishi, koma kutsogolo kwake kunali kodyeka ngati kwalumidwa ndi makoswe. A Magalasi anatuluka ndi njinga yawo yobiriwira, buku la manambala ndi kachitsulo kotsegulira zivindikiro za mamita zili m'basiketi. Anayang'ana njinga yakuda ija n'kugwedeza mutu.

"Yolimba iyi. Anthu odziwa amasankha zoterezi. Tiyeni."

Mawu amenewo anandilasa kuposa chitonzo. Ndinawatsata. Misewu iwiri yoyamba inali yafulati, ya nyumba za mipanda ya maluwa. Iwo ankaloza uku ndi uku osatembenuka, kuti nyumba iyo mita ili kuseri kwa thanki, iyo galu wake amaluma, iyo mwini wake amakana kutsegula. Ine palibe chomwe ndinkasunga m'mutu. Maso anali pa tayala lawo lakumbuyo, malaya atamatirira kumsana. Pamene anaima pakona yoyamba, ndinachedwetsa kupalasa patali n'kufika mwakachetechete, mapazi akukhudza pansi pang'ono. Sanaone.

Kenaka tinakhotera mumsewu wotsetsereka. Si wotsetsereka ngati bwalo la fakitale ayi. Ndi wautali, ndipo kumunsi kwake umathera mumsewu waukulu momwe mumadutsa malole. A Magalasi anatsika mosatekeseka n'kukaima pamzere woyera. Ine njinga inayamba kundithawa. Mphepo inalowa m'maso. Ndinamva mapazi akuchoka okha pamapedulo, nsapato zikukhula phula, khwee, koma liwiro silinachepe n'pang'ono pomwe. Ndinaona msana wa a Magalasi ukuyandikira, ndi kuseri kwawo lole yonyamula njerwa ikudutsa. Ndinakuwa, sindikudziwa kuti ndinati chiyani. Ndipo m'mutu munamveka mawu a munthu wosadziwa kupalasa uja, ataima pakhoma: zala, mayi.

Ndinafinya mabuleki onse awiri ndi mphamvu yomwe ndinkafinyira yofiira ija. Iyi inamva. Inaima pomwepo, tayala lakumbuyo linanyamuka, mimba yanga inagunda mahandulo, ndipo ndinapezeka ndagwada pa phula, njinga ili pakati pa miyendo, tayala langa litatsala chikhatho chimodzi kuti ligunde lawo. Lole inadutsa. Fumbi lake linatigwera tonse awiri.

A Magalasi anatsika, n'kuimika njinga yawo pambali. Siketi yanga inali itakwera, maondo ali poyera, zilonda za Loweruka zitatsegukanso. Anayang'ana maondowo, anayang'ana nsapato, kenaka anavula magalasi pang'onopang'ono, ndendende mmene ndinkawaonera m'maganizo sabata yonse.

"Mayi, njinga mwaphunzira liti?"

Mayankho analipo, ndipo anabwera msanga. Njingayi ndi yobwereka, sindinaizolowere. Papita zaka ndisanapalase. Onse anali omveka, ndipo mwina akanawalandira. Pakamwa panga panali patayamba kale kutseguka pokha ngati tsiku lija. Ndinapatseka.

"Loweruka," ndinatero. "Dzana. Tsiku munandifunsa lija ndinali ndisanapalasepo. Ndinakunamizani."

Anapukuta magalasi ndi m'mphepete mwa bulauzi yawo, mbali iyi, mbali inayo. Magalimoto ankadutsa. Ndinaganiza za zaka ziwiri zija, za m'mawa uliwonse womwe ndinkasesa pakhomo posesedwa kale kuti aneba aone ngati ndili ndi chochita. Zala zanga zinali zikadali zofinya mabuleki, ndipo zinkakana kumasuka.

"Ndinakuuzani kuti wabodza sindigwira naye ntchito," anatero.

"Munandiuza."

"Mabala awa ndi a masiku angati?"

"Kuyambira Lachinayi."

Anavalanso magalasi. Anapita kubasiketi yawo, anatenga buku ndi kachitsulo kaja, n'kuima nazo m'manja kanthawi ngati akuziyeza kulemera.

"Mwezi uno wonse, mita iliyonse yomwe muwerenge ndizibwera pambuyo panu kudzaiona ndekha. Simudzadziwa tsiku, simudzadziwa nyumba. Nambala imodzi ikadzasiyana, musadzabwere kudzafotokoza." Anandipatsa buku ndi kachitsulo kaja. "Geti labuluu ilo. Mita ili pansi pa mpanda, kumanzere. Misewu yotsetsereka muzitsika n'kukankha mpaka ndidzakuuzeni."

Ndinatsamiritsa njinga pamtengo. Ndinapita pageti lija. Ndinagwada pa maondo omwewo, pa timiyala, n'kutsegula chivindikiro. Galasi la mita linali ndi matope. Manambala anayi ankaoneka bwino, yachisanu inali yobisika theka, ndipo ikanatha kukhala 3 kapena 8. Kumbuyo kwanga ndinkamva a Magalasi akudikira.

Ndinanyowetsa chala ndi malovu, ndinapukuta galasilo mpaka linayera, n'kuwerenga kawiri ndisanalembe.